Paipi Yaikulu Yatseguka

Ntchito za tsiku limenelo zinali zomwe zija. Kutunga madzi pampopi wa panja mzere usanatalike. Kuviika zovala za makasitomala, zoyera pazokha, zosuluka pazokha. Kusambitsa Chipolowe, mwana wa zaka zinayi koma pakamwa ngati wogulitsa pamsika, ndipo kumusambitsa m'beseni, chifukwa shawa ya m'bafa mwawo inkangodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine, chonsecho m'banjamo muli mapulambala awiri. Kuyamwitsa wakhanda. Kuphika phala pawiri, la ana ndi lina lopanda mchere. Kusita malaya a aphunzitsi a kutsidya kwa msewu n'kukawatula. Ndiye panali ntchito ina yatsopano, imene make Chipolowe ankadana nayo kuposa zonse: kuimika mwamuna wake pasikelo, kumudina ndi chala pakakolo kuti aone ngati patsala dzenje, kumuthirira mapiritsi m'dzanja n'kuimirira pompo mpaka ameze.

Mwamunayo, yemwe kuntchito ankamutcha Sipanala, ankameza atayang'ana kukhoma. Ankati munthu wa ndevu zake sakwezedwa pasikelo m'mawa uliwonse ngati thumba la nyemba. Make Chipolowe ankamuyankha kuti thumba la nyemba lili bwino, silidandaula.

Matendawo anabwera osagogoda. Sipanala anali chagada pansi pa sinki ya munthu wina, akumanga nati ya paipi, pamene anamva ngati wina wamukhalira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, mkono wamanzere ngati si wake. Mkulu wake, amene ankagwira naye ntchito, anamukoka miyendo, kumuponya m'pikapu n'kuthamangira naye kuchipatala chachikulu. Zimenezo make Chipolowe sankaziiwala. Pakanapanda alamu akewo, bwenzi pano akutchedwa wamasiye. N'chifukwa chake kukwiyira munthu ameneyo kunkawawa kawiri.

Kuchipatalako anati mtsempha waukulu wopita ku mnofu wa mtima watsekeka. Anamulowetsa kachubu pamkono, kukafika nako kumtima, kutsegula potsekapo, n'kusiyapo kachitsulo konga kasipuling'i kuti pasatsekenso. Zitatha, dokotala, mayi wochepa thupi wamaso otopa, anaitana abale n'kuwaonetsa zithunzi ziwiri pakanema. Pachoyamba mtsempha unkapita n'kudukira panjira ngati msewu wothera pamtsinje. Pachiwiri mtsempha womwewo unadzaza, wakuda bii, mpaka kunsonga.

Alamu anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anati iyi ndi ntchito yawo yomwe ija, kungoti awa amaigwira atavala zoyera. Anatulutsa foni, kujambula chithunzi chachiwiricho, n'kutuluka panja akuimba kale. Mawu awo ankamveka m'khonde monse: paipi yaikulu yatseguka, amayi, mwana wanu wachira.

Koma dokotala anali asanamalize. Anauza make Chipolowe kuti akhale pansi. Anati asanatulutse kachubu kaja anayezanso chinthu china chimene sichioneka pachithunzipo. Mtsempha waukuluwo umangobweretsa magazi. Ukafika, umagawikana n'kugawikana mpaka kukhala timitsempha tochepa ngati tsitsi, tina tochepa kuposa pamenepo, tolowa m'kati mwa mnofu wa mtima, ndipo ndi timeneto timene timaudyetsa. Kuti adziwe ngati tili bwino, analowetsa kawaya kopyapyala komva mphamvu ya magazi ndi kutentha kwake. Anapereka mankhwala otsegula timitsemphato mpaka pamene tingathere, kenako n'kupopera timadzi tozizirirapo kuposa magazi, n'kuona mmene tikudutsira. Kwa anthu ena timadzito timangoti vuu, tapita. Kwa Sipanala tinkachedwa, ngati munthu akukankha chitseko chomwe kuseri kwake kwaunjikana katundu.

Make Chipolowe sukulu anasiyira panjira, koma kufunsa sanasiye. Anafunsa kuti ndiye kuti chiyani.

Dokotala anati timitsempha tina tatupa, tina tatsekeka ndi zinyenyeswa, tina taonongeka pa nthawi imene magazi sankafika. Munthu wotere poyamba amaoneka bwinobwino, amaseka, amadya. Koma anthu oterewa ndi amene mtima wawo umatha kufooka pang'onopang'ono, kukula n'kumalephera kupopa, madzi n'kumadzaza m'mapazi ndi m'mapapo. Sikuti zichitika ndithu, koma mwamunayu ali m'gulu loyenera kuliyang'anira ndi maso awiri. Anzake a pabedi loyandikana atulutsidwa msanga, iye akhala kaye. Akapita kunyumba, mankhwala osadumphitsa, kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, koma katundu wolemera ayi mpaka adzamuunikenso. Sikelo ikayamba kukwera msanga, akakolo akatupa, kapena akamabanika pogona, abwere tsiku lomwelo.

"Nanga bwanji osatsegulanso timeneto, monga mwatsegulira waukuluwu?"

"Kulibe chitsulo chochepa chokwana mmenemo, mayi," anatero dokotala. "Tina timachira tokha, tikapatsidwa mpata."

Mawu amenewo anawamva make Chipolowe yekha. Sipanala anali ndi tulo ta mankhwala, ndipo chimene ankakumbukira n'choti nthawi ina pabedi paja anabanika kwambiri, nesi n'kumuuza kuti zitha pompano, n'kuthadi. Atatsitsimuka anapeza nkhani ziwiri zikumudikira, ya mkulu wake ndi ya mkazi wake. Anasankha yokoma.

Chithunzi chija chinayenda kuposa mwini wake. Chinafika kwa apongozi, kwa azakhali, kwa wometa tsitsi, kwa ogulitsa mapaipi, ngakhale kwa anthu amene Sipanala sankamudziwa n'komwe. Make Chipolowe akangotchula za timitsempha, alamu ankatulutsa foni, kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri n'kumuuza kuti aloze pamene tili. Iye ankati sitioneka. Alamu ankaseka n'kunena kuti chosaoneka ndi mfiti yokha, ndipo iwo zaufiti anasiya kalekale. Apongozi sankaseka ayi. Ankalankhula ndi khoma, mokweza, kuti akazi a masiku ano amafuna kufungatira mwamuna ngati nkhuku pamazira, mwamuna wabwinobwino n'kusanduka mphaka wa m'nyumba.

Pamenepo ndi pamene make Chipolowe ankamva kutentha m'makutu. Ngati panali munthu wofuna kuti Sipanala abwerere kuntchito mawa lomwe, anali iyeyo. Ndi iye amene anawonjezera makasitomala mpaka zala kung'aluka ndi sopo. Ndi iye amene ankasita mwana ali kumsana, msana ukulira ngati chitseko chakale. Ndi iye amene ankadya zotsala za ana n'kumati wakhuta. Ndiye munthu n'kumabwera kudzakhala pampando wake, kumwa tiyi wake, n'kumati amakonda kusunga mwamuna m'nyumba. Ankangoluma mlomo, chifukwa apongozi sayankhidwa, koma mbale zinkadziwa. Ziwiri zinataya milomo mwezi umenewo.

Tsikulo atabwerako kotula malaya a aphunzitsi anapeza chitseko chili chotseka, Chipolowe akusewera kwa aneba, chikwama cha zitsulo palibe pamsomali pake. Majombo nawonso panalibe.

"Adadi apita kukayesedwa," anatero Chipolowe, mosangalala ngati akunena za ukwati. Aneba anawonjezera kuti pikapu inaima pakona, siinafike pakhomo, ndipo siinalize hutala.

Make Chipolowe anadziwa pompo kuti sikuchipatala. Kuyesa ankakudziwa bwino, anali atakumva patebulo kuyambira tsiku limene analowa m'banjamo. Linali lamulo la abale awiriwo, lowasiyira malemu bambo awo, amenenso anali pulambala: paipi ikakonzedwa siikwiriridwa isanayesedwe. Amatseka mipopi yonse, kupopera madzi mwamphamvu kuposa mmene paipiyo idzagwirire ntchito moyo wake wonse, n'kuimirira pompo akuyang'ana mojoina monse. Ikapirira pamenepo, yapirira. Ikafuna kuphulika, iphulike iwo akuona, osati mwini nyumba atapaka kale penti. Lamulo limeneli ndi limene linawapatsa mbiri. Anthu ankati ntchito ya ana a malemu aja siibwerezedwa.

Sanavule n'komwe epuloni. Anamanga wakhanda kumsana, kusiya Chipolowe kwa aneba, n'kuyamba kuyenda. Ankadziwa kumene ali, nyumba yosanja imene alamu akhala akuitchula tsiku lililonse, yoti mwini wake akufuna madzi otentha m'chipinda cha pamwamba penipeni. Panjira anakonza mawu ambiri, ena oti sangawanene pamaso pa mwana, ndipo ankawasintha n'kuwanola ngati mpeni.

Anafika mochedwa. Pansi pa masitepe panali amisiri omanga atasiya ntchito, mitu ili chagada. Masitepewo anali a simenti yosapaka, opanda chogwirira. Pamwamba pake Sipanala ankakwera, thanki ya madzi otentha itamangidwa kumsana ndi chingwe, mutu uli pansi ngati bulu. Kumbuyo kwake kunali alamu, manja atatambasula pansi pa thankiyo koma osaikhudza, ngati mzamba wodikira mwana. Ankamulimbikitsa pang'onopang'ono, mwachikondi ndithu, kuti tiye mphwanga, katsala kochepa.

Make Chipolowe sanakuwe. Anaopa kuti akakuwa munthuyo atembenuka, thanki n'kumukoka. Anangoima, zikhadabo zitalowa m'manja, akumva kupuma kwa mwamuna wake kukutsika masitepe onsewo ngati sowo yodula thabwa lonyowa.

Awiriwo anafika pamwamba. Alamu anamasula chingwe, thanki n'kukhala pansi. Sipanala anatsamira khoma, milomo itatuwa ngati wadya phulusa, koma akumwetulira. Mkulu wake anamuika dzanja pachifuwa, kudikira, kuyendetsa dzanjalo uku ndi uku monga amachitira pofufuza chinyontho pajoini, kenako n'kuyang'ana pansi pamene panali anthu.

"Palibe podontha," anatero.

Amisiri anawomba m'manja. Wina anaona make Chipolowe n'kunena kuti abwana eni ake afika, aliyense abise fodya. Anaseka onse. Iye anakwera masitepewo, mwana akugwedezeka kumsana, mpaka kuima pamaso pa awiriwo. Mawu onse ananola panjira aja anathawa. Alamu anayamba kufotokoza mwaulemu kuti anachita dala kusamuuza, kuti asade nkhawa, ndipo tsopano aliyense waona ndi maso ake: chinthu chayesedwa, chapirira. Munthu sangakhale moyo wake wonse akuopa paipi yomwe sanaiyese.

Sipanala anadikira kuti mpweya ubwere, n'kunena chapansipansi, "Pitani kunyumba, make Chipolowe. Mukundichititsa manyazi."

"Ndikupita," anatero iye. "Koma mundiuziretu, ndikusitireni malaya ati, oyera kapena a buluu aja? Sindikufuna kudzafunsa amayi anu tsiku limenelo, anthu atadzaza pakhomo."

Panalibe anaseka. Anatsika yekha.

Kuyambira tsiku limenelo Sipanala anabwerera kuntchito. Sikelo anaikankhira ndi phazi pansi pa bedi, ndipo kakolo wake sankalola kuti munthu amukhudze. Mapiritsi ankamwa pamene wakumbukira. Madzulo ankabwera akuimba mluzu kuyambira pakona, kuti aneba amve kuti munthu ali bwino. Apongozi anabwera ndi nkhuku yowotcha yothira mchere wokwanira, n'kunena kwa khoma lija kuti mwana wawo wayambanso kuoneka ngati mwamuna.

Koma wochapa sanamizidwa. Munthu akhoza kunamiza mkazi wake, mayi ake, dokotala, koma zovala zake zimaulula zonse m'beseni. Masokosi anayamba kubwera atakula kukamwa. Zingwe za majombo, zimene kale zinkazungulira kawiri, tsopano zinkangokwana mfundo imodzi. Lamba anasamukira pabowo lina. Poyala bedi m'mawa ankapeza pilo wa Chipolowe ali kumutu kwa bambo ake, pamwamba pa wawo, kenako panawonjezeka bulangete lopinda, kenako jekete. Munthu ankagona chokhala ngati ali m'basi. Ndipo mluzu uja unayamba kumadukira panjira. Tsiku lina anamuona pawindo ataima pakona, atawerama ngati akumanga chingwe cha jombo, chingwecho osachikhudza.

Anamuuza. Anayankha kuti ndi kunenepa, munthu akachira amanenepa. Anauza alamu pafoni. Anati mawa, ntchito ya nyumba yosanja ija ikatha. Mawa lake anatinso mawa. Make Chipolowe anakumbukira kuti pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo anasiya kupempha.

M'mawa wina Sipanala anakhala pampando akumwa tiyi, mapazi ali pansi opanda kanthu, akutsokomola kachifuwa kouma. Make Chipolowe anagwada ngati akutola supuni, n'kumudina chala pakakolo mwamphamvu. Atachotsa, dzenje linatsala pompo, lokwana kubzalamo mbewu, ndipo silinabwerere. Onse awiri analiyang'ana. Kenako Sipanala anakokera phazilo pansi pa mpando n'kunena kuti amupatse majombo, achedwa.

Anawatenga majombowo, kutuluka nawo panja, n'kuwaponya m'beseni loyamba limene analipeza. Linali la zoyera. Anawakanikiza ndi manja onse awiri mpaka thovu kulowa m'kati, madzi n'kusanduka ofiirira. Anaona malaya a aphunzitsi akumwa utoto umenewo ndipo sanachotse manja.

Pikapu inaliza hutala pakona. Inalizanso. Kenako alamu anabwera wapansi, makiyi akulira m'manja, n'kupeza mng'ono wawo ali chikhalire wopanda nsapato, mlamu wawo ali chiimire pakhomo manja akudontha. Anayang'ana m'beseni n'kupukusa mutu. Anati zafika pamenepa, alamu? Ndipo dzanja lawo linapita m'thumba, kumene kunali foni.

"Mukangotulutsa chithunzi chimenecho chilowa m'beseni momwemu," anatero make Chipolowe.

Anawagwira mkono wa malaya. Sanachitepo zimenezo chikwatiwire, ndipo aneba amene ankayanika zovala anasiya chovala chili m'malere. Anawakoka kudutsa pakhonde mpaka kubafa, alamu akubwera chopunthwa, akuseka kuseka kwa munthu wosadziwa chochita. Anawaimika pansi pa shawa n'kutsegula mpopi mpaka mapeto. Mapaipi analira m'khoma. Kushawa kunatuluka timadontho titatu tinayi, ndi kamzere kamodzi kopita cham'mbali, kokanyowetsa khoma.

Anafunsa kuti paipi yaikulu ya nyumba ino ili bwanji. Alamu anati ili bwino kwambiri, anaiyala okha chaka chatha, yatsopano, ndipo anaiyesa. Anafunsa kuti nanga madzi ali kuti. Alamu anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti zimenezo ngakhale Chipolowe angadziwe, timabowo ta shawayo tatsekeka ndi dzimbiri ndi mchenga, paipi ilibe mlandu. Anafunsa kuti bwanji osangowonjezera mphamvu ya madzi, tione ngati tipirire. Alamu anati ayi, kutero n'kungovutitsa pampu, imakankha, imakankha, imatentha, mapeto ake n'kupsa, madzi osatulukabe.

Atanena zimenezo anasiya kuseka.

"Ndiye mumatani?" anafunsa make Chipolowe.

"Timamasula," anayankha alamu, mawu atatsika. "Kuboola timabowo ndi singano. Zikakanika, kugula ina."

Make Chipolowe anasolola singano imene ankabaya pakolala ya diresi, yosokera mabatani a makasitomala, n'kuiika m'dzanja mwawo, n'kuwapinda zala.

"Nayi singano. Uyo mng'ono wanu. Kabooleni. Zikakanika, mukagule wina, mundibweretsere, ana akumufuna."

Atatembenuka anapeza Sipanala ataima pakhomo la bafalo. Anali atawatsatira wopanda nsapato, mtunda wosakwana kuponya mwala, ndipo anagwira felemu ndi manja awiri. Anayamba kunena kuti make Chipolowe asiye misala, koma mawuwo anaduka pakati, anayambanso, n'kudukanso pomwepo. M'chifuwa mwake munkalira ngati ketulo yoyamba kuwira. Alamu anatsitsa maso. Kanali koyamba kuti ayang'ane mapazi a mng'ono wawo, osati chithunzi. Mapaziwo anali ngati mikate yofufuma, zala zitangotulukira kunsonga.

Alamu anaika singano ija m'thumba la malaya, kuwerama, kumubereka mng'ono wawo monga ankachitira ali ana, n'kupita naye kupikapu. Make Chipolowe anatseka mpopi, kutenga mapiritsi onse ndi wakhanda, n'kukwera. Njira yonse wodwalayo ankapuma mobanika. Atayandikira kuchipatala alamu anakonza pakhosi, maso ali panjira.

"Koma alamu, zinthu zafika chonchi, bwanji osanena?"

Make Chipolowe anawayang'ana m'mbali mwa nkhope kwa nthawi yaitali. Anaganiza za chitseko cha galimotoyo, za msewu ukuthamanga pansi, ndi za mmene munthu wamkulu chonchi angagubuduzikire. Kenako anakumbukira kuti ndi yemweyo akuyendetsa. Anangosuntha mwana n'kuyamba kumuyamwitsa.

Dokotala anali yemwe uja, maso otopa omwe aja. Anamvetsera kumsana kwa Sipanala, kumudina pakakolo, kumuyendetsa kachipangizo kozizira pachifuwa akuyang'ana pakanema. Make Chipolowe ankafuna kuti dokotalayo akalipe, atukwane, aitane alonda. Anafotokoza za thanki, za masitepe, za nkhuku yamchere, za sikelo ya pansi pa bedi, osasiyapo kanthu, alamu ali pompo akuwerenga matailosi. Koma dokotala sanakalipe. Anati m'mapapo mwalowa madzi, ndipo mtima ukupopa mofooka kuposa mmene unalili potuluka. Madziwo awachotsa ndi mankhwala, apuma bwino. Mphamvu ya mtimayo mwina ibwererako pang'ono, mwina ayi.

Alamu anafunsa, maso ali pansi, ngati ndi thanki ija.

Dokotala anati sangalumbire. Ndi timitsempha totsekeka chonchija zikanatha kubwera ngakhale munthuyo atangokhala pampando, ndipo n'chifukwa chake anayeza, kuti adziwiretu woti amuyang'anire. Chimene angathe kunena n'choti katundu, mchere ndi kudumphitsa mankhwala sizinathandize, ndipo akanabwera tsiku limene masokosi anayamba kuthina, bwenzi zili zosavuta kuposa apa.

Make Chipolowe anaona alamu akutola mawu oyambawo, akuti sangalumbire, n'kuwasunga bwino, enawo n'kuwasiya pansi. Anadziwa kuti pofika madzulo afika kwa apongozi, kwa azakhali, kwa wometa tsitsi. Anafikadi. Koma nthawi imeneyi sanatsale yekha m'chipindamo, chifukwa Sipanala anali maso, kachubu ka mpweya kali pamphuno, ndipo anamva zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dokotala atatuluka, anayang'ana kudenga n'kufunsa ngati sikelo ija ikugwirabe ntchito, poti anaiponda mwamphamvu. Mkazi wake anati ikugwira.

Mtengo wake wa zonsezi ndi uwu. Sipanala sadzanyamulanso thanki, kapena thumba la simenti, kapena Chipolowe paphewa. Amakhala pa kabenchi kutsogolo kwa sitolo ya mapaipi, kudula timazinga tomangira mapaipiwo ndi kulangiza ogula, ndipo chimene amabweretsa sichifika theka la kale. Alamu analemba munthu wina, ndipo pachitseko cha pikapu anafufutapo mawu akuti ndi mng'ono wake. Amabwerabe, amasiya shuga, koma salowa m'nyumba. Apongozi sanapondenso pakhomopo. Amati mkazi wokoka alamu ake ndi malaya pamaso pa anthu angathe kuchita chilichonse, ndipo make Chipolowe amavomereza kuti angathedi. Aphunzitsi anatenga malaya awo ofiirira n'kusamukira kwa wochapa wina, ndipo anatengako ndi anzawo awiri. Majombo anauma n'kupindika, anatayidwa. Chipolowe anasiya kupita kusukulu ya mkaka, amathandiza kupinda masokosi ndi kulankhula. Mapiritsi anawonjezeka, ndipo ena amamudzutsa munthu kupita kubafa kosalekeza. Mwamuna ndi mkazi wake sacheza monga kale. Za manyazi a pamasitepe paja mwamunayo sanakhululuke, mkaziyonso za thanki sanakhululuke. Koma m'mawa uliwonse mwamunayo amakoka yekha sikelo, kukwerapo, kunena nambala yake mokweza atayang'ana kukhoma, n'kutambasula phazi kuti adinidwe.

Zina zonse ndi zazing'ono: mbale ziwiri zija, zala zong'aluka, ndi singano imodzi, imene alamu sanabweze mpaka lero.